Kholo lamwalira, ukwati unali wongolowana: ana apeza chani? Mafunso ndi mayankho a kuno ku Salima

Mafunso awa ndi omwe amabwerabwera kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota pakagwa maliro a munthu amene amakhala ndi mnzake pakhomo koma chinkhoswe sichinachitike, ku tchalitchi kapena ku mzikiti sanapiteko, kwa DC sanasaineko. Kunyanja kuno mabanja otere ndi ambiri zedi, mnyamata wachoka kwawo kubwera ku Senga Bay kudzalowa usodzi, wapezana ndi mayi wa geni ya usipa, ayamba kukhala limodzi, ana atatu abadwa, za ankhoswe "tidzaitana tikapeza kangachepe" mpaka imfa yafika. Nde pa tsiku losesa mumangomva wina waimirira, "ife mkaziyu sitikumudziwa." Chomwe chimandipweteka ine n'chakuti akamakana mkaziyo amakanira limodzi ndi ana, pomwe lamulo linazilekanitsa kale nkhani ziwirizi. Ya mayi kapena bambo wotsalayo ili ndi zokhotakhota zake ndithu. Ya mwana ilibe.

Bambo a ana anga amwalira sabata yatha. Timangokhala, chinkhoswe sitinapange. Achibale awo akuti ana anga alibe gawo pa katundu, ndi zoona?

Pepani ndi zovutazo mayi. Si zoona, olo pang'ono. Malamulo aakulu a dziko lino, Constitution ya 1994 ija, pa gawo 23 amanena kuti ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo posatengera kuti anabadwa bwanji. Kenako mu 2011 aphungu anakhazikitsa lamulo la chuma chamasiye, Deceased Estates Act, ndipo mmenemo mawu oti mwana anawamasulira momveka bwino, mwana wa malemu aliyense, kaya makolo ake anadalitsa ukwati, kaya anangolowana, kaya chinali chibwenzi cha miyezi itatu. Funso lomwe khoti limafunsa pa mwana ndi limodzi basi, kodi malemuyu ndi kholo lake? Likayankhidwa kuti eya, nkhani yatha, mwanayo ali mu gulu loyambirira la olandira chuma.

Mawu aja oti mwana wapathengo, mwana wa m'tchire, mwana wa kunjira, ndi mawu a anthu ofuna kuchepetsa chiwerengero cha ogawana. Mu lamulo mulibemo. Ndipo achimwene a malemu, alongo awo, amalume awo, amenewa lamulo limawafikira pokhapokha ngati malemu sanasiye mwana, mkazi kapena mwamuna, kapena munthu wowadalira. Inu ana alipo, nde achibalewo sali pa mzere n'komwe. Makolo a malemu okha ndi omwe lamulo limawaganizira, makamaka ngati ankadya za m'manja mwa mwana wawoyo, ndipo zimenezo n'zachilungamo, agogo a anawo asamaiwalidwe.

Nanga ineyo? Takhala limodzi zaka 9, nyumba tamanga tonse.

Apa nde pofunika kumvetsetsana bwino chifukwa sindikufuna kukulonjezani zomwe lamulo silinalonjeze. Ku Malawi kuno ukwati wongolowana umadziwika ndithu, Constitution pa gawo 22 imautchula, ndipo lamulo la maukwati la 2015, Marriage, Divorce and Family Relations Act, linauika pa mndandanda limodzi ndi wa kwa DC, wa chinkhoswe ndi wa chipembedzo. Koma pali kusiyana kumodzi kwakukulu. Enawo ali ndi setifiketi kapena ankhoswe, wanuwu umakhala ukwati pokhapokha khoti litanena kuti unali ukwati. Si amfumu, si abusa, si achibale, khoti.

Ndipo khoti silingayambe n'komwe kuganizira ngati simunakwanitse zaka 5. Inu zaka 9 mwadutsa pamenepo. Likatero limayang'ana zinthu zingapo, ngati mumagonadi nyumba imodzi, mmene ndalama zimayendera pakati panu, katundu amene munagula limodzi, ana amene mumalera, komanso mmene anthu a m'dera amakuonerani, kodi amati "akazi a uje" kapena amati "chibwenzi cha uje". Nde umboni wake ndi wa zinthu wamba zomwe anthu sazilabadira, amfumu amene anakulembani ngati banja limodzi mu kaundula wa mudzi, alandilodi amene mumawalipira lendi, amayi a ku banki m'khonde, zithunzi za pa ukwati wa achibale ake mutavala yunifomu ya banja, maliro a kwawo amene munakaphikako ngati mpongozi. Achibale omwe lero akuti sakukudziwani, nthawi zambiri ndi omwewo amafikira pakhomo panu akabwera kudzagula nsomba.

Khoti likavomereza, ndinu mkazi wa malemu mokwanira, katundu wa m'nyumba monga mipando, bedi, mapoto ndi mbale amatsala ndi inu, ndipo pa zotsalazo mumagawana ndi ana. Likakana, kapena ngati zaka zinali 3 kapena 4, pa chuma cha malemu mulibe gawo, zowawa koma ndi mmene zilili. Komabe mverani apa, chomwe chimagawidwa ndi cha malemu chokha. Filiji yomwe munagula ndi ndalama za geni yanu ndi yanu, siilowa mu chuma chamasiye. Malata amene munagula inu, njerwa zomwe munaumbitsa inu, mukhoza kukaitanitsa gawo lanu pa nyumbayo ngati mwini mnzake osati ngati wolandira chamasiye. Malisiti, mameseji a Airtel Money kapena Mpamba, mmisiri amene munamulipira, zonsezo sungani.

Ndipo kaya khoti livomere kaya likane za inuyo, gawo la ana silisuntha.

Amalume a malemu akuti kwathu kuno ndi kwa chikamwini, ana ndi a kwa mayi awo, chuma cha mwamuna chimabwerera ku mbumba yake. Mwambo sugwira ntchito?

Akuluakulu amene amanena izi sikuti onse ndi akuba ayi, ambiri akunena zomwe zinalidi lamulo pa nthawi yawo. Lamulo lakale la 1967 limagawa chuma cha mwamuna pawiri. Kumadera a chikamwini ngati kuno kwa Achewa ndi Ayao, mkazi, ana ndi odalira malemu amalandira magawo awiri mwa asanu, magawo atatu otsalawo amapita kwa olowa chuma a pa mwambo, amene nthawi zambiri amakhala a kuchikazi kwa malemu. Kumadera a lobola kumpoto kumakhala theka theka. Nde munthu wa zaka 70 akamati chuma chimapita kwa ana a mlongo wake, akukumbukira zenizeni.

Koma lamulo limenelo linafafanizidwa mu 2011. Latsopanoli linanena poyera kuti palibe amene angatenge chuma cha malemu ponena kuti mwambo ukumupatsa. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa, moyo unasintha, kale mwana amaleredwa ndi atsibweni ake, fizi, munda, chilichonse chimachokera kwa mwinimbumba, nde zinali zomveka kuti chuma chizitsata njira yomweyo. Lero fizi ya ku sekondale amalipira ndi bambo, amalume nawo ali kalikiliki ndi ana awo. Kutenga injini ya boti kupita nayo ku mbumba, n'kusiya ana kwa amalume awo a kuchikazi amene sanalandire kanthu, ndiye kuti ana aluza mbali zonse ziwiri.

Mwambo uli ndi malo ake, maliro ayende mwa mwambo, kusudzula kuchitike mwaulemu, ufumu ulowedwe mmene makolo anakonzera. Koma kugawa boti, njinga yamoto, nyumba ya pa Kamuzu Road kapena ndalama za ku banki, pamenepo pali lamulo.

Ine ndine mkazi wa ukwati woyera. Pa maliro patulukira mayi wina wa ku Dwangwa ndi ana awiri akuti ndi a amuna anga. Ndigawane nawo?

Mayi, ululu wanu ndi womveka, kumva nkhani yotere muli pa mphasa ya maliro si chinthu chapafupi, ndipo amene anayenera kuyankha mafunso anu wagona. Koma ndikuuzeni zoona, ngati anawo ndi a amuna anudi, ali ndi gawo lofanana ndi la ana anu pamaso pa lamulo. Sanasankhe okha kubadwira ku Dwangwa.

Mayi wawoyo ndi nkhani ina. Iye kuti alandire kanthu akuyenera kukatsimikizira khoti kuti unali ukwati, ndipo ngati inu munamanga ukwati wa kwa DC, lamulo la 2015 limati ukwati umenewo ndi wa mkazi mmodzi, nde njira yake ndi yopapatiza kwambiri. Katundu wa m'nyumba mwanu ndi wanu, palibe wobwera kudzanyamula sofa. Komanso ngati munali ndi bizinesi ndi amuna anu, lamulo limayamba ndi kuganiza kuti inu munathandizapo pa bizinesiyo, wotsutsa ndiye abweretse umboni, nde thukuta lanu limawerengedwa pogawa. Muli ndi ufulu wofunsa umboni woti anawo ndi a malemu, funsani ndithu, kumeneko si nkhanza. Chomwe ndingakupempheni n'chakuti umboni ukapezeka musabise katundu kapena kusintha maina mwachinsinsi, chifukwa mukatero mlandu wolanda chuma chamasiye ukhoza kugwera inu amene.

Akukana kuti mwana si wa m'bale wawo. Nditsimikiza bwanji poti mwini wake wapita?

Yambani ndi pepala. Setifiketi ya kubadwa ya ku NRB, ofesi ya boma ya kalembera wa anthu, ngati ili ndi dzina la bambo, imeneyo ndi umboni wamphamvu. Ngati mulibe, onani kabuku ka kusikelo, makadi a ubatizo, kaundula wa kusukulu pomwe analemba dzina la kholo, malisiti a fizi, fomu ya kuntchito pomwe malemu analemba ana ake. Lamulo la ana la 2010, Child Care, Protection and Justice Act, limapatsa khoti la ana mphamvu yogamula kuti kholo la mwana ndi ndani, ndipo kuvomereza pagulu kumawerengedwa ngati umboni. Nde ngati malemu anabwera kudzaona mwana ku chikuta, anamutcha dzina, anapita naye kwawo kukamuonetsa kwa agogo ake, anavomera mimba pa bwalo la amfumu, anthu amene anaona zimenezo ndi mboni zanu. Mafoni musafufute, mameseji a pa WhatsApp oti "mwana wadzuka bwanji", ndalama zomwe amatumiza mwezi ndi mwezi, zonse zija zimayankhula.

DNA iliko, khoti likhoza kulamula, ndipo bambo atamwalira amatha kuyeza ndi achibale ake apafupi monga makolo ake. Koma ndi yodula ndipo milandu yambiri imatha isanafike pamenepo. Chachikulu musachedwe, mboni zimasamuka, asodzi lero ali ku Chipoka mawa ali ku Mbenji, katundu naye amagulitsidwa.

Kwa amene bambo a mwana adakali moyo, pitani nawo mukalembetse mwana ku NRB dzina lawo lilowe pa setifiketi. Ndi ntchito yochepa koma imatseka pakamwa anthu ambiri.

Ndili ndi pakati pa miyezi 6, mwini mimba wamwalira. Mwanayu awerengedwa?

Eya achemwali. Lamulo la 2011 limawerenga ndi mwana amene ali m'mimba. Auzeni a ku banja ndi ogawa chuma panopa, pamaso pa amfumu, zilembedwe, asadzati mimbayo sanaimve.

Amene wamwalira ndi mayi a ana. Ine bambo sitinapange chinkhoswe, abale ake atenga ana ndi katundu yense. Ndili ndi ponena?

Achimwene, lamulo ndi lomwelo, silinalembedwe za amuna okha. Chuma cha mayi, mashini osokera, masheya a ku banki m'khonde, mbuzi, mpunga wa mu nkhokwe, ndi cha ana ake onse, kuphatikizapo amene anabereka kwina musanakumane. Azichemwali ake alibe ufulu wogawana zitenje ndi mapoto n'kugulitsa mashini ana akuyang'ana. Inuyo gawo lanu likudalira zomwe ndafotokoza kale zija, zaka 5 ndi chigamulo cha khoti.

Pa za ana, kuno timadziwa kuti mkamwini mkazi akamwalira amasudzulidwa n'kunyamuka yekha, ana amatsala ndi agogo awo. Koma Constitution imati mwana ali ndi ufulu wodziwa makolo ake ndi kuleredwa nawo, ndipo khoti pogamula limayang'ana chokomera mwanayo. Pena chokomera mwana ndi kukhaladi kwa agogo kumene anazolowera, pena ndi kwa bambo. Mukhoza kukadandaula ku ofesi ya social welfare kwa DC kapena ku khoti la ana. Koma dziwani kuti olo ana atsale kuchikazi, udindo wowasamala sunachoke pa inu, kusowa kwa chinkhoswe sikuchotsa udindo wa bambo. Ndipo amene akusunga ana ndi amene katundu wa anawo ayenera kumutsata, osati ana uku katundu uko.

Ana opeza nawo amalandira?

Mwana wopeza salowa mu gulu la ana a malemu pokhapokha ngati anamutenga kukhala wake kudzera ku khoti. Koma pali khomo lina. Ngati ndi wamng'ono, malemu amamusunga ndi kumulipirira sukulu mpaka pa imfa yawo, lamulo limamuwerenga ngati wodalira malemu, nde ogawa ayenera kuonetsetsa kuti asagwe m'mavuto, sukulu isaime. Chimodzimodzi mwana wa mlongo wa malemu amene amaphunzitsidwa pakhomopo. Komanso mwana wopezayo ali ndi gawo kwa bambo ake omubereka, zimenezo musaiwale kutsata.

Pogawa amagawa bwanji? Aliyense chimodzimodzi?

Poyamba amachotsa zolipira maliro ndi ngongole zenizeni za malemu. Ndati zenizeni chifukwa pa maliro a munthu wa boti pamatuluka ngongole zodabwitsa, wina ati anandikongola petulo, wina ati ukonde uja ndi wanga. Wonena ngongole abweretse umboni kapena mboni.

Zikatha izo, lamulo silinaike mapelesenti ayi, linaika mfundo. Yoyamba, onse a m'banja ndi odalira malemu atetezedwe ku mavuto, pogona, chakudya, sukulu. Yachiwiri, wotsala mu ukwati asunge katundu wa m'nyumba. Zotsala zimagawidwa, ndipo popanda chifukwa chapadera mkazi kapena mwamuna ndi ana amalandira mofanana. Koma pakati pa ana pali mfundo yomwe ambiri saidziwa ndipo ine ndimaikonda, wamng'ono amayenera kulandira zochuluka kuposa wamkulu. Kumudzi timachita mosemphana, woyamba kubadwa amatenga zazikulu poti ndi wamkulu. Koma taganizani, wa zaka 28 anaphunzitsidwa kale ndi bambo ake mpaka ku koleji, wa zaka 4 sanayambe n'komwe sitandade 1, ulendo wake wonse uli kutsogolo. Nde mu banja longolowana, kumene ana ake nthawi zambiri ndi aang'ono poyerekeza ndi a mkazi woyamba, mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri. Zomwe malemu ananena pamaso pa mboni zodalirika zimaganiziridwanso, komanso mwana amene anathira mphamvu zake mu bizinesi.

Langizo langa pa katundu wobala ndalama, boti ndi injini ndi chilimira, chigayo, kabaza, nyumba ya lendi, musathamangire kugulitsa. Ndalama ya injini ikagawidwa kwa anthu 7 imatha mwezi umodzi, koma boti likamalowa m'madzi alovi n'kumapereka gawo la mwini, fizi imapezeka chaka ndi chaka. Bola pakhale kope lolembamo zolowa ndi zotuluka, ndipo mayi wa ana azitha kuliona.

Gawo la ana aang'ono amasunga ndani?

Mwana wosakwana zaka 18 sapatsidwa chuma m'manja, wina amamusungira. Wosungayo si mwini wake, ndi wongoyang'anira, ndipo akhoza kufunsidwa kuti afotokoze mmene ndalama zayendera. Apa ndi pomwe mayi amene khoti silinamuvomereze ngati mkazi amakhalabe ndi mawu, chifukwa iye ndi kholo la ana, akhoza kuyankhula ndi kudandaula m'malo mwawo. Achibale asakuuzeni kuti "inu khalani chete si inu wa pano". Pa gawo lanu mwina, koma pa gawo la ana anu muli ndi pakamwa.

Kukakhala kusakhulupirirana, pemphani kuti oyang'anira akhale awiri, wina wa kuchimuna wina wa kuchikazi, ndalama zikhale ku akaunti ya dzina la mwana yosainira anthu awiri, kapena nkhaniyo ipite kwa Administrator General, ofesi ya boma yoyendetsa chuma chamasiye, imene m'maboma muno mumaifikira kudzera kwa DC.

Malemu amagwira ntchito ku kampani ya mzimbe. Ndalama za penshoni zimalowa mu zogawanazi?

Penshoni imayenda njira yakeyake. Wogwira ntchito amadzaza fomu yotchula anthu oti adzalandire iye akamwalira, ndipo oyendetsa thumba la penshoni amayamba kuyang'ana fomu imeneyo, osati zomwe banja lagwirizana pa tsiku losesa. Vuto lomwe timaliona n'lakuti munthu anadzaza fomu ali mnyamata, analemba mayi ake ndi mng'ono wake, kenako wakhala ndi mkazi zaka 10, ana anayi, fomu osaisintha. Zikatero pitani msanga ku ofesi ya za antchito ya kampaniyo ndi masetifiketi a ana mukalembetse kuti anawa alipo ndipo amadalira malemu, ndalama zisanatuluke. Zikatuluka kuzibweza n'kovuta.

Ndalama za ku banki nazo sizituluka ndi kalata ya amfumu yokha, amafuna setifiketi ya imfa ndi makalata a ku khoti opatsa munthu mphamvu yoyendetsa chumacho. Ndipo wachibale amene watenga foni kapena khadi ya malemu n'kumatapa ndalama poti PIN akuidziwa, ameneyo akudya chuma cha ana, dzina lake ndi lomwelo.

Atenga kale. Njinga yamoto, matumba a mpunga, mpaka malata akufuna kukasula. Ndipange chani?

Kulanda chuma chamasiye ndi mlandu wa upandu, si nkhani ya m'banja yoti "tikambirana". Lamulo la 2011 linaika chilango chofika zaka 10 ku ndende, kuphatikizapo chindapusa, ndipo khoti limalamula kuti katundu abwezedwe kapena alipidwe. Ambiri olanda sadziwa zimenezi, ena akangomva kuti nkhani yafika ku polisi katundu amabwerera yekha usiku.

Lero lomwe lembani zonse zomwe zatengedwa, anatenga ndani, tsiku liti, anaona ndani. Nambala ya njinga, nambala ya injini, zithunzi ngati zilipo. Mapepala ofunika, bulubuku, mapepala a malo, makadi a ana, kasungitseni kwa munthu wodalirika kunja kwa nyumbayo. Kenako kawauzeni amfumu, ambiri masiku ano lamuloli akulidziwa ndipo amathandiza. Zikakanika pitani ku polisi mukafunse Victim Support Unit, komanso kwa DC. Loya ngati simungakwanitse, Legal Aid Bureau inakhazikitsidwira anthu ngati inu. Lamulo la 2011 linati chuma chosapitirira K1,000,000 ndi chaching'ono ndipo chimatha kuthera kwa majisitireti konkuno, chikaposa apo makalata amachokera ku High Court, yomwe ili ndi nthambi yoona za mabanja ndi chuma chamasiye, ife kuno yapafupi ndi ya ku Lilongwe.

Chinthu chimodzi, musasaine kapena kudinda chala pa pepala lililonse pa maliro. Mutu sumagwira nthawi imeneyo, ndipo pepala loti "ndavomera kuchoka ndi zovala zanga zokha" lidzakuvutitsani kutsogolo. Nenani mwaulemu kuti tidikire maliro athe. Ndikudziwa mantha amene amakhalapo, kuopsezedwa kuti muona, kunenedwa kuti mwadya mwamuna ndinu. Musapite nokha, tengani mlongo wanu, amayi a ku mpingo kapena a ku mzikiti, wina woti akaime nanu.

Nanga munda? Malemu amalima mpunga pa malo a makolo ake.

Apa tisiyanitse. Malo amene malemu anagula kapena anapatsidwa iye mwini, puloti ya pa tauni, malo a lizi, amenewo ndi chuma chake ndipo ana ali ndi gawo. Malo a banja lonse amene iye amangolimapo ngati mmodzi wa mbumba, amenewo sanali ake yekha, nde sangagawidwe ngati ake. Koma mbewu zomwe zili m'mundamo, mpunga umene anadzala ndi feteleza wake, ndi thukuta lake, ana adye. Nyumba yomwe anamanga pamalopo ndi ndalama zake nayo ndi nkhani yoti ikambidwe, osangothamangitsa ana. Milandu ya malo a makolo imayambira kwa amfumu ndi makomiti a malo a m'dera, nde pitani ndi mboni zodziwa mbiri ya mundawo, amene analipo pomwe malire amaikidwa.

Ife ndi Asilamu, nikah, ukwati wa Chisilamu uja, sinachitike. Mashehe akuti mwana sangalowe chuma cha bambo ake.

Zomwe akunena mashehe ndi chiphunzitso chodziwika cha chipembedzo, ndipo sindikufuna kuchinyoza. Koma lamulo la dziko la 2011 limakhudza aliyense, Msilamu, Mkhristu, wa Gule, ndipo nkhani ikafika ku khoti mwanayo awerengedwa ngati mwana. Mabanja ambiri ku Nkhotakota ndi kwa Maganga amagawa motsata chipembedzo mogwirizana, palibe amene amawaletsa ngati onse akhutira ndipo palibe mwana amene wasiyidwa manja lende. Chisilamu chomwecho chimalola munthu kusiya wilo, imene amati wasiya, yofika gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma chake kwa amene salowa m'magawo okhazikika, nde bambo amene akudziwa kuti ali ndi mwana wotere ali ndi njira yomusamalira yosasemphana ndi chikhulupiriro chake. Achite adakali moyo.

Ndidakali moyo, ndili ndi mnzanga amene tikukhala komanso ana kwina. Ndipange chani kuti asadzakanganepo?

Bambo, funso ili likanamafunsidwa kawirikawiri mafunso ena onsewa bwenzi kulibe. Lembani wilo. Kulemba wilo si kuitana imfa, ndipo sikufuna loya kapena Chingerezi, Chichewa chomwechi chikwana. Mukhale ndi zaka 18 kapena kuposa, mutu uli bwinobwino, mulembe pa pepala, musaine kapena kudinda chala pamaso pa mboni ziwiri zomwe zilipo nthawi imodzi, nazonso zisaine inu mukuona. Mboni zikhale anthu amene sakulandira kanthu mu wiloyo, aphunzitsi, abusa, shehe, mnzanu wa ku ntchito.

Mu wilomo tchulani ana onse ndi maina awo, onse ndithu, ndi uja amene akazi anu sakumudziwa, chifukwa mukamusiya khoti lili ndi mphamvu yomupatsa gawo kuchokera mu chuma chomwecho ndipo mkangano umene mumathawa udzabwera inu kulibe. Mnzanu amene mukukhala nayeyo mulembeni ndi dzina, munene chomwe mukumusiyira, imeneyo ndi njira yotsimikizika yoti asadzayende m'makhoti kutsimikiza zaka 5. Tchulani amene adzayendetse chumacho ndi amene adzasungire ana aang'ono gawo lawo. Katundu mufotokoze momveka, boti liti, puloti ya kuti, akaunti ya banki iti.

Wiloyo isakhale mu sutikesi ya kuchipinda yokha, pepala la mu sutikesi limasowa maliro asanatuluke m'nyumba. Kasungitseni kwa DC, ku khoti, ku banki kapena kwa loya, ndipo munthu mmodzi kapena awiri adziwe komwe ili. Mwana wina akabadwa, kapena mukadzapanga chinkhoswe, lembani ina yatsopano yokhala ndi deti, ndipo sabata yomweyo mukasinthenso fomu ya penshoni ku ntchito.